Samuel Josia Nthara, Mlembi wa Mbiri za Anthu

Pa nthawi imene mabuku a mbiri ankatamanda Azungu okhaokha, mphunzitsi wina wa Mishoni ya Nkhoma anayamba kulemba za anthu akwawo. Iyeyu ndiye Samuel Josia Nthara, amene anabadwa mu 1905.

Buku lake loyamba, Nthondo, linapambana pa mpikisano wa alembi a mu Africa ndipo linasindikizidwa mu 1933. Komatu ntchito yoposa inali mbiri ya Msyamboza, mfumu ya kwa Chibanzi ku Dowa, imene inamwalira mu 1926. Nthara anatola mbiriyi pakamwa pa okalamba amene anaiona mfumuyo ndi maso, nailemba iwo asanapite nayo kumanda. T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi, ndipo inatuluka mu 1949.

Analembanso Mbiri ya Achewa ndi moyo wa Mbusa Namon Katengeza. Anamwalira mu 1976.