David Livingstone, Sing'anga Amene Anafuna Kupita ku China

Inu okondedwa amene mukukonzekera Ubatizo, mukacoka kuno ku Mualadzi ndi kutsikira ku Tete, mumafika pa nthaka imene anapondapo munthu amene tikuuzeni mbiri yake lero. Dzina lake ndi David Livingstone. Iye sanali wa Eklezia Katolika, anali mmodzi wa abale athu a mipingo ina. Koma zabwino zimene Mzimu Woyera acita mwa munthu wobatizidwa sitizikana, ndipo zolakwa zake sitizibisa.

Anabadwa pa 19 Malichi 1813 m'mudzi wa Blantyre ku Scotland, m'banja la anthu osauka. Ali ndi zaka 10 analowa nchito m'fakitale yopota thonje, kuyambira m'mamawa mpaka usiku, ndipo akaweruka ndiye ankapita kukaphunzira. Atakula anaphunzira za mankhwala ku Glasgow, pakuti mtima wake unali pa cinthu cimodzi: kukalalika Uthenga Wabwino ku China, ali sing'anga.

Cimene cinamtsekera njira ndi malonda a opiyamu. Opiyamu ndi utomoni wa duwa lina; munthu akausuta amagona tulo tokoma, koma akauzolowera sangathenso kuusiya. Amagulitsa mbuzi, khasu ndi munda, naonda mpaka kufa, ana ake ali ndi njala. Mwaona zimene camba ndi kacasu zimacita pamudzi. Opiyamu amaposa pamenepo. Amalonda a ku Britain ankamlima ku India ndi kumlowetsa mobisa m'China, kumene lamulo linkamletsa. Amalonda a ku America nawonso ankatenga wawo ku Turkey. Ambiri mwa anthuwa anali obatizidwa, ndipo ankadziwa lamulo lacisanu la Mulungu monga inu mukulidziwa tsopano. Comvetsa cisoni, ngakhale mlaliki Karl Gützlaff, amene zolemba zake zinakopa Livingstone kuti alakelake za China, ankamasulira mau pa sitima zonyamula opiyamu, nagawa mabuku a Mulungu kucokera m'sitima zomwezo.

M'caka ca 1839 nduna ya mfumu ya China, Lin Zexu, inalanda mabokosi a opiyamu oposa 20,000 niwaononga. Britain inayankha ndi mizinga. Nkhondo inatha mu 1842, China atagonja, ndipo pa pangano la ku Nanking anakakamizidwa kupereka cisumbu ca Hong Kong ndi kutsegula madoko asanu. Mu 1844 kazembe wa America, Caleb Cushing, anapanganso pangano lake ku Wanghia. Pa pepala panalembedwa kuti opiyamu ndi woletsedwa, koma malondawo sanaleke.

Nkhondo ili mkati, Livingstone anakumana ku London ndi Robert Moffat, mmishoni wa kumwera kwa Afrika, ndipo anasintha ulendo wake. Anafika ku Kuruman mu 1841. Ku Mabotsa mkango unamthyola mkono, ndipo mu 1845 anakwatira Mary, mwana wa Moffat.

Musaganize kuti anabatiza makamu a anthu. Amene adziwika kuti anatembenuka pa dzanja lake ndi mmodzi yekha, mfumu Sechele wa Akwena, wobatizidwa mu 1848. Mfumuyi inali ya mitala, ndipo inabweza akazi ake kwao nitsala ndi mmodzi. Pasanapite nthawi mmodzi wa akazi aja anapezeka ndi pakati, ndipo Livingstone anaiimitsa mfumu mu mpingo. Ena mwa inu mukudziwa kulemera kwa nkhani yotere. Komabe Sechele sanataye cikhulupiriro. Mmishoni atacoka, ndiye anapitiriza kuphunzitsa anthu ake kwa zaka zambiri.

Tsono Livingstone anayamba maulendo ake aakulu, pamodzi ndi Amakololo amene mfumu Sekeletu inampatsa. Anafika ku Luanda mu 1854, nabwerera, natsata Zambezi cakummawa. Mu Januwale 1856 anafika pa Zumbo, napeza bwinja la chalichi ca Akatolika ndi belu losweka lokhala ndi zilembo IHS. Taonani, Uthenga unali utafika kale pa mtsinje uno, koma moto wake unali utazilala. Mu Malichi analowa mu Tete ali wofooka kwambiri, ndipo mkulu wa asilikali, Major Sicard, anamlandira namsamalira.

Apa anaona malonda ena oipa ngati a opiyamu aja. Acikunda, asilikali a eni maprazo, ankasaka minyanga ya njovu, ndiponso ankasaka anthu. Amuna ankamangidwa m'magoli, akazi ndi ana pa zingwe. Livingstone ankadziwanso kuti thonje lambiri lopotedwa m'mafakitale a kwao linkalimidwa ndi akapolo ku America. Nzeru yake inali yakuti anthu a m'cigwa ca Zambezi alime thonje ali mfulu, sitima zidzalitenge, kuti mfumu isafunenso kugulitsa munthu kuti ipeze nsalu.

Boma la Britain linamuika kukhala kazembe wake ku Quelimane, ndipo mu 1858 anabwera ndi sitima yochedwa Ma Robert. Amakololo amene anawasiya ku Tete anawapeza atacepa, ena atafa ndi nthomba. Ndipo apa panaonekera kulakwa kwake. Pa ulendo woyamba analambalala mathithi a Cahora Bassa osawaona, koma anali atauza kale anthu a kwao kuti mtsinjewu ndi njira ya sitima. Miyala inamkaniza. Anatembenukira ku mtsinje wa Shire, nafika pa nyanja ya Nyasa mu 1859. Mu 1861, pa mudzi wa Mbame, iye ndi anzake anamasula akapolo 84 amene ankatengedwa kupita ku Tete. Cowawa ncakuti ogula anthu anayamba kutsata njira zomwe iye anatsegula. Akuluakulu a Cipwitikizi ankamkayikira, ndipo anzake a paulendo ankamuona wouma mtima. Mkazi wake Mary, amene anakhala zaka zambiri yekha ndi ana m'umphawi, anamtsatira nafa ndi malungo pa Chupanga pa 27 Epulo 1862. Manda ake alipo mpaka lero. Mu 1863 boma linalamula kuti ulendo uthe.

Zaka zake zotsiriza anazitha akufunafuna gwero la mtsinje wa Nile, osalipeza. Mu 1871 pa msika wa Nyangwe anaona ogula akapolo akuombera anthu mazanamazana, ambiri a iwo amai. Caka comweco Henry Morton Stanley, wotumidwa ndi nyuzipepala ya ku America ya New York Herald, anampeza pa Ujiji, natenga makalata ake. Umboni umenewo unagwedeza maiko, ndipo pa 5 Juni 1873 Sultani Barghash wa ku Zanzibar anavomera pangano lotseka msika wa akapolo.

Livingstone sanamve zimenezi. Pa 1 Meyi 1873, pa mudzi wa Chitambo m'dziko limene lero ndi Zambia, anyamata ake anampeza atagwada pambali pa kama wake, atatsirizika. Susi ndi Chuma, amene anali mmodzi wa akapolo omasulidwa mu 1861, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, naumika thupi, nalisenza miyezi isanu ndi inai, popanda wowalamula. Mu Febuluwale 1874 anafika ku Bagamoyo, ndipo ansembe a Cipani ca Mzimu Woyera anatsegula chalichi cao nagoneka malirowo m'menemo. Anaikidwa ku Westminster Abbey, mu London, pa 18 Epulo 1874.