David Livingstone pa Mathithi a Shire

Ana inu a ku Mwanza, kum'mawa kwa dziko lanu kuli mtsinje wa Shire, ndipo ena a inu munaona madzi ache alikugavira pa miyala ya Mpatamanga. Pa mathithi amenewo panadzera munthu wa Mulungu, dzina lache David Livingstone, ndipo zowawa zazikulu za moyo wache zinampeza m'zaka zomwe anali kuyenda pa mtsinje umenewu.

Iye anabadwa m'chaka cha 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, m'nyumba ya anthu osauka. Pokhala wa zaka 10 analowa ntchito yopota thonje, kuyambira mamawa kufikira usiku, ndipo poweruka sanamuke kukagona, koma ku sukulu. Chotero anaphunzira using'anga ndi Mau a Mulungu, nafika ku Africa m'chaka cha 1841. Ku Mabotsa mkango unamgwira, nuphwanya fupa la dzanja lache lamanzere, ndipo dzanjalo silinakhalenso bwino masiku ache onse.

M'chaka cha 1858 anadza ku Zambezi, alikufuna njira ya pamadzi yolowera m'kati mwa dziko, kuti Uthenga Wabwino ndi malonda abwino zichotse malonda a akapolo. Koma kumtunda kwa Tete mathithi anamtsekera. Anapatukira ku Shire m'chaka cha 1859, ndipo pa Kapichira anapezanso mathithi. Munthu wina akadabwerera pomwepo. Iye anasiya sitima kwa Chibisa, nayenda pansi, naona Nyanja ya Chilwa, ndipo m'mwezi wa September anaona nyanja yaikulu imene lero tiitcha Nyanja ya Malawi.

Chaka cha 1862 chinali cha misozi. M'mwezi wa January Bishopu Mackenzie, amene anadza kudzayamba mishoni ku Magomero, anafa ndi malungo pa mathiriro a Ruo. Pa 27 April mkazi wa Livingstone, Mary, anafanso ndi malungo ku Shupanga, itangopita miyezi itatu chifikire kwa mwamuna wache. Anamuika patsinde pa mlambe. Munthu uja amene sanaope mkango analira ngati mwana.

Ngakhale zinatero, anakweranso Shire m'chaka cha 1863, alikukoka sitima ina, Lady Nyassa, imene anaigula ndi ndalama zache. Anafuna kuimasula, ndi kuinyamula zidutswazidutswa kupitirira mathithi onse, kuti ikayende pa nyanja ndi kutsekereza ogula anthu. Koma dziko linali litapasuka ndi njala ndi nkhondo za akapolo, midzi inali mabwinja, ndipo mitembo inali kuyandama pa mtsinje. Mnzache wachinyamata, Richard Thornton, anamuka ku Tete kukagula mbuzi ndi nkhosa za anthu anjala a ku mishoni, nabwera wolefuka, nafa. Manda ache ali pafupi ndi Kapichira. Pamenepo kalata inafika yochokera ku boma la England, yakuti ntchito ileke. Lady Nyassa sinaione nyanja konse.

Kwao ambiri anamuyesa munthu wolephera. Koma masautso amenewa anamphunzitsa kutsamira pa Mulungu, osati pa sitima kapena pa boma. Anabweranso m'chaka cha 1866, wopanda mzungu mnzache, nayenda zaka 7 alikudwaladwala. Ndipo pokhala chigonere ku dziko la Manyema anawerenga Buku Lopatulika lonse kanai. M'chaka cha 1873, kwa Chitambo m'dziko la Ilala, anyamata ache anampeza atafa, ali chogwada pambali pa kama wache. Chuma ndi Susi anakwirira mtima wache patsinde pa mtengo, nasenza mtembo kufikira ku Bagamoyo.

Zitapita zaka ziwiri, anthu a ku Scotland anatumiza sitima yaing'ono, naitcha Ilala. Anaimasula pa mathithi omwe aja, ndipo amuna mazanamazana a dziko lino anasenza zitsulo zache pamutu, kupitirira Kapichira, Mpatamanga ndi Nkula. M'mwezi wa October 1875 Ilala inalowa m'nyanja.