David Livingstone, Dotolo Wofufuza za Malungo

David Livingstone anabadwa m'chaka cha 1813 ku Blantyre, m'dziko la Scotland. Ambiri timamdziwa monga mmishonale woyenda maulendo ataliatali, koma iye analinso dotolo. Maphunziro a udotolo anatsiriza m'chaka cha 1840.

Mdani wamkulu pa maulendo ake anali malungo. Masiku amenewo anthu sankadziwa kuti udzudzu ndiwo umafalitsa nthendayi. Livingstone anasakaniza kwinini ndi mankhwala ena, napanga mibulu yochizira odwala. Iye mwini akadwala ankamwa mankhwala omwewo, ndipo zonse zimene ankaona ankazilemba m'buku.

Pa ulendo wa mumtsinje wa Zambezi, umene unayamba m'chaka cha 1858, iye ndi Dotolo John Kirk anafuna kudziwa ngati kumwa kwinini tsiku ndi tsiku kungateteze munthu ku malungo. Anaona kuti omwa ndi osamwa omwe ankadwala. Zimenezi sizinali zomwe ankayembekeza, komabe sanazibise. Anazilemba monga momwe zinalili. Poona zolembazo, madotolo a masiku ano amati muyeso wa kwinini unali wochepa.

Koma Livingstone analakwitsapo. M'buku lake la m'chaka cha 1857 anapeputsa kuopsa kwa malungo, chifukwa ankafunitsitsa kuti amishonale abwere. Amene anabwera anapeza kuti nthendayi inali yakupha. M'chaka cha 1862 Bishopu Charles Mackenzie anamwalira pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, mankhwala ake atamira m'madzi. Chaka chomwecho Mary, mkazi wa Livingstone, anamwalira ndi malungo ku Shupanga.

Pa ulendo wake wotsiriza, m'chaka cha 1866, anachoka kunyanja nakwera mapiri, nadutsa m'dera lozizira la kufupi ndi Dedza. Chaka chotsatira bokosi lake la mankhwala linabedwa, ndipo thanzi lake linayamba kufooka. Anamwalira m'chaka cha 1873 kwa Chitambo, m'dziko la Zambia.

Moyo wake ukutiphunzitsa kuti wofufuza za mankhwala ayenera kunena zoona zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, pakuti anthu amaika moyo wawo pa mawu ake. Nchifukwa chake lero m'Malaŵi kafukufuku wa mankhwala sayamba komiti yoona za kafukufuku isanavomereze, ndipo munthu salowetsedwamo iye mwini asanalole.

Mafunso
1. Kodi Livingstone ndi Kirk anafuna kudziwa chiyani?
2. Kodi Livingstone analakwitsa pati?
3. Nchifukwa chiyani wofufuza sayenera kubisa zimene wapeza?