JOSEPHINE BAKHITA WOYERA: KAPOLO AMENE ANAPEZA MBUYE WENIWENI

Josephine Bakhita anabadwa cha m'ma 1869 m'chigawo cha Darfur, m'dziko la Sudan. Asanakwanitse zaka 10, anthu ogulitsa akapolo anamugwira, ndipo makolo ake sanawaonenso mpaka imfa. Chifukwa cha mantha ndi nkhanza, mwanayu anaiwala ngakhale dzina limene anamupatsa kwao. Omugwirawo ndiwo anamutcha Bakhita, liwu la Chiarabu lotanthauza munthu wamwayi.

Koma mwayiwo sunkaoneka konse. Anagulitsidwa kangapo m'misika ya El Obeid ndi Khartoum, ndipo chikwapu chinali cha tsiku ndi tsiku. Ali kunyumba ya mkulu wina wa asilikali a ku Turkey, anamutema mphini 114 pachifuwa, pamimba ndi pamkono, nathira mchere m'mabalamo kuti zipsera zisafafanizike. Nthawi yonseyi Bakhita anali asanamvepo za Yesu Khristu. Komabe ankati akayang'ana dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, mtima unkamuuza kuti alipo Mwini wa zonsezi, ndipo ankalakalaka kumudziwa.

Mu 1883 Callisto Legnani, kazembe wa Italy ku Khartoum, anamugula. Mu 1885 anapita naye ku Italy, kumene anamupereka kwa banja la Michieli kuti azilera mwana wao wamkazi. Mayi Michieli pofuna kupita ku Sudan, kumene amuna awo anali ndi malonda, anasiya Bakhita ndi mwanayo kwa Asisitere a Canossa mumzinda wa Venice. Kumeneko Bakhita anaphunzira katekisimu, nazindikira kuti Mwini nyenyezi uja ndi Mulungu amene amamukonda.

Mayi aja atabwera kudzamutenga, Bakhita anakana kuchoka. Analibe m'bale, ndalama kapena kwina kopita, koma anaika moyo wake wonse m'manja mwa Mulungu. Nkhani inafika kwa akuluakulu a boma, ndipo pa 29 Novembala 1889 anagamula kuti Bakhita ndi mfulu, popeza malamulo a Italy sankavomereza ukapolo. Anabatizidwa pa 9 Januwale 1890, ndipo pa 8 Disembala 1896 anachita malumbiro ake m'chipani cha Asisiterewo.

Kuyambira 1902 anakhala m'tauni ya Schio. Ntchito zake zinali kuphika, kusoka, kukonza za pa guwa ndi kulandira alendo pakhomo. Anthu ankamukonda chifukwa cha kufatsa kwake. Chodabwitsa n'chakuti sanasunge mangawa ndi amene anamuzunza. Anawakhululukira, poona kuti Mulungu anamutsogolera ku ubatizo kudzera m'njira yowawa yomweyo. Atakalamba anadwala kwambiri, mwakuti ankayenda pa njinga ya olumala, koma sankadandaula. Anamwalira pa 8 Febuluwale 1947. Papa John Paul II anamulengeza Wodala mu 1992, ndi Woyera mu 2000. Eklezia amamukumbukira pa 8 Febuluwale.

Abale, ifenso timakumana ndi zothetsa nzeru: maliro kumudzi, kusowa kwa fizi, matenda, kapena kukayika za maitanidwe athu. Moyo wa Bakhita ukutiphunzitsa kuti kukhulupirira Mulungu sikuchotsa zipsera, pakuti iye anafa nazo. Sikutanthauzanso kungokhala manja lende, pakuti nthawi itakwana analimba mtima nakana ukapolo. Mulungu anamusunga iye asanamudziwe n'komwe. Nanga ife amene timamulandira mu Ukaristia, angatitaye bwanji?

Josephine Bakhita Woyera, mutipempherere ife.