AMBUYE SEBASTIÃO SOARES DE RESENDE, EPISKOPI WOYAMBA WA BEIRA, NDI MAKALATA AO

Aphunzitsi anzathu, ife a ku Kasisi sitingawerenge mbiri ya Mozambique monga nkhani ya alendo. Bambo Julius Torrend, amene anayamba misyoni yathu ino m'caka ca 1905, anali atagwira kale nchito zaka zambiri m'cigwa ca Zambezi, m'dziko la Apwitikizi. Ndiponso pamene boma latsopano la Portugal linapitikitsa Ajezuiti m'caka ca 1910, ena a iwo anaoloka Luangwa, namanga Katondwe, nadzafikanso kuno. Cifukwa cace nkoyenera kuti tidziwe moyo wa munthu mmodzi wa tsidya lija, amene anaona matenda a dziko lace nkhondo isanadze, nawalemba pa pepala.

Sebastião Soares de Resende anabadwa pa 14 June 1906 ku Milheirós de Poiares, mudzi wa kumpoto kwa Portugal. Anaphunzira ku seminario ya ku Porto, nalandira unsembe m'caka ca 1928. Pambuyo pace anamtuma ku Roma kukaonjezera maphunziro pa Yunivesite ya Gregoriana, ndipo atabwerera anakhala mphunzitsi wa anyamata ofuna unsembe. Motero asanakhale episkopi anali mnzathu pa nchito ya coko ndi bolodi.

M'caka ca 1940 Papa ndi boma la Salazar anacita pangano la za mamisyoni. Pangano limeneli, pamodzi ndi lamulo la 1941 lotsatapo, linapereka masukulu oyamba a ana a anthu akuda m'manja mwa Eklezia Katolika, ndipo boma linalonjeza kuthandiza ndi ndalama. Koma mphatsoyo inali ndi cingwe: boma linafuna kuti ansembe ndi aphunzitsi asandutse ana a eni dziko kukhala Apwitikizi omvera. Caka comweco inakhazikidwa dayosizi ya Beira, yaikuru ndithu, pakuti inaphatikiza Manica ndi Sofala, Zambézia ndi Tete. M'caka ca 1943 Bambo Sebastião anasankhidwa kukhala episkopi wace woyamba, ali ndi zaka 37 zokha pamene anafika ku Beira kumapeto kwa cakaco.

Tisabise: Ambuye Resende anafika ali Mpwitikizi wokonda dziko lao, wokhulupirira kuti Portugal ali ndi nchito yabwino yocita mu Afrika. Cimene cinawasintha ndi maulendo. Anayendera mamisyoni akutali, naona ndi maso ao amuna ogwidwa ku midzi kukagwira cibalo m'minda ya nzimbe ndi pa miseu, malipiro ace osakwanira ngakhale msonkho. Anaona mabanja okakamizidwa kulima thonje, limene makampani anagula pa mtengo wodziikira okha, pamene munda wa cimanga ndi mapira unali kumera thengo, njala nilowa m'nyumba. Anaonanso midzi yotsala ndi akazi ndi nkhalamba, cifukwa anyamata anali atathawira ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia.

Zimenezi anazilemba pawiri. Coyamba, anasunga buku la tsiku ndi tsiku, m'mene anacula cibalo ndi dzina lace lenileni, ndilo ukapolo. Caciwiri, analemba makalata a ubusa, osindikizidwa kuti awerengedwe ndi onse. M'kalata ya 1950 yonena za cikomyunizimu anaphunzitsa kuti ciphunzitso cimeneco sicigonjetsedwa ndi apolisi koma ndi cilungamo, popeza munthu wobedwa thukuta lace adzamvera aliyense womlonjeza ufulu. Kalata ya 1954 anaicha Hora Decisiva de Moçambique, ndiko kunena nthawi yosankha, ndipo ya 1959 anaicha Moçambique na Encruzilhada, ndiko kunena dziko loima pa mphambano. Maina okhawo aonetsa kuti mbusayo anamva kuti nthawi iri kutha.

Pa za maphunziro, zimene zikhudza ife makamaka, anadandaula kuti mwana wakuda anali kupatsidwa nyenyeswa zokha. Anapempha masukulu a sekondale otsegukira onse, napemphanso yunivesite m'Mozambique momwemo pamene ambiri anayesa pempholo maloto. Pokhala ansembe Acipwitikizi anali owerengeka, anaitana amisyoni a maiko ena, monga a White Fathers amene anafika m'caka ca 1946, ndi Abambo a ku Burgos ocokera ku Spain, ngakhale boma silinakondwere nao. Ku Zóbuè, pa malire a Nyasaland, kumene anthu alankhula cinenero cathu comweci, inatseguka seminario yaing'ono yolera ansembe akuda. Komabe tiyenera kubvomera kuti masukulu ambiri a m'midzi anakhalabe osauka m'masiku ao, a mphunzitsi mmodzi wolipidwa pang'ono, ndipo ana ambiri anaturukamo odziwa katekisimu koma osadziwa kulemba kalata.

M'caka ca 1950 anayambitsa nyuzipepa ya tsiku ndi tsiku, Diário de Moçambique. Masiku amenewo mau onse anayenera kuyamba aonedwa ndi anthu a boma asanasindikizidwe, ndipo nyuzipepayo inalimbana nao kosalekeza. M'caka ca 1965 boma linaiimitsa masiku angapo cifukwa cosindikiza ulaliki wa episkopi popanda cilolezo. Apolisi acinsinsi a PIDE anali kuwalonda, nalemba za iwo ku Lisbon. Eni makampani anawada, ndipo Apwitikizi ena anawayesa wogulitsa dziko. Mbali ina, anyamata ena akuda anaona kuti episkopi ali kuyenda pang'onopang'ono, pakuti kwa zaka zambiri anafuna kukonza ulamuliro wa Portugal, osati kuucotsa. Munthu woima pakati alandira miyala ya mbali zonse ziwiri.

M'caka ca 1961, nkhondo itabuka ku Angola, boma linafafaniza lamulo lolekanitsa eni dziko ndi nzika, nilithetsanso pa pepala kulima thonje kokakamiza. Zimene episkopi anapempha kwa zaka zoposa 10 zinaperekedwa cifukwa ca mantha, ndipo zinadza mocedwa. Pa 25 September 1964 a Frelimo anayamba nkhondo ya ufulu. Zaka zomwezo Ambuye Resende anali kupita ku Roma ku msonkhano waukuru wa Vatican II. Anadwala nthenda ya khansa, namwalira ku Beira pa 25 January 1967, ali ndi zaka 60. Monga anapempha okha, anaikidwa m'manda a anthu wamba, mopanda ulemerero.

Zotsatapo sanazione. M'caka ca 1971 a White Fathers anacoka m'Mozambique onse pamodzi, pokana kukhala cete. Pa 16 December 1972 asilikari a Portugal anapha anthu mazana ku Wiriyamu, pafupi ndi Tete, ndipo amene analemba maina a akufa anali ansembe a kumeneko, pakati pao Abambo a ku Burgos, a gulu lomwe lija analiitana iwo. Umboni umenewo unasindikizidwa ku London mu The Times pa 10 July 1973, dziko lonse nilimva. Ufulu unadza pa 25 June 1975, koma unapeza anthu 9 mwa anthu 10 alionse osadziwa kuwerenga. Posacedwa, m'caka ca 1977, inayamba nkhondo ya paciweniweni ya Frelimo ndi Renamo, imene inapha anthu ngati miliyoni imodzi. Othawa oposa miliyoni anadzaza Malawi, ndipo ena analandiridwa kwathu kuno ku Ukwimi, kum'mawa.

Sitinena kuti makalata a episkopi analosera nkhondo yaciwiriyo. Inali ndi zifukwa zacezace: maboma a azungu a ku Rhodesia ndi South Africa anathandiza Renamo, ndipo boma latsopano linakwiyitsa anthu ambiri a m'midzi powasonkhanitsa mokakamiza ndi ponyoza mafumu ndi mipingo. Koma wowerenga makalatawo aona nthaka m'mene mbeu yoipayo inagwera: anthu ozolowera kulamulidwa ndi cikoti, ophunzira owerengeka, ndi zigawo za pakati zodzimva kuti zaiwalika. Ndipo pamene mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, mmodzi wa ankhoswe anali Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa Beira, mwana wa dziko lomwelo, wokhala pa mpando umene Ambuye Resende anayamba kukhalapo.

Lero akatswiri a mbiri yakale awerenga buku lija la tsiku ndi tsiku, makalata a ubusa ndi mapepala a apolisi osungidwa ku Lisbon, nawalinganiza. Anthu amene anagwira cibalo sanasiye makalata, pakuti sanaphunzitsidwe kulemba. Mau ao ambiri atifikira kupyolera m'dzanja la iwo amene anaona nalemba.

Tsono, anzathu, pa sukulu iriyonse pali buku la zocitika, kaundula wa ana, ndi makalata akale m'kabati. Kawirikawiri tilemba m'menemo mwaulesi, kapena tilemba zokondweretsa woyendera masukulu. Ngati ana aleka sukulu cifukwa ca njala, lembani njala. Ngati mtsikana wacotsedwa kukakwatiwa, lembani comweco, ndi tsiku lace. Mapepala akalewo muwacinjirize ku ciswe ndi ku mvula. Koposa zonse, mwana asaturuke m'manja mwanu wosadziwa kulemba kalata ya iye yekha, kuti tsiku la mabvuto asadikire mlendo womlembera.