Abu al-Wafa ndi masikweya atatu

Ku madrasa tinkamva mayina a ma imamu a fiqh ndi hadith, koma dzina la Abu al-Wafa al-Buzjani ndalimvera kuno ku yunivesite. Anabadwa mu 940 ku Buzjan, m'dera la Khorasan, ndipo ali ndi zaka 19 anasamukira ku Baghdad komwe anakhala mpaka kumwalira cha mu 998. Ankayeza kayendedwe ka mwezi ndi nyenyezi, analembanso buku la masamu la alembi ndi amalonda.

Koma ine chomwe chimandikoka ndi buku lake la amisiri okongoletsa makoma. Vuto lawo linali ili: uli ndi masikweya atatu ofanana, uwadule, zidutswazo uzilumikize zipange sikweya imodzi yaikulu, osatsala kanthu. Amisiriwo anali nayo njira yawo, ndipo poyang'ana ndi maso inkaoneka bwinobwino. Abu al-Wafa anawerengera napeza kuti siyikwana. Ngati mbali ya sikweya yaing'ono ndi 10, ya yaikuluyo iyenera kukhala pafupifupi 17.3, pomwe ya amisiri inkathera pa 17.1. Kusiyana kwake nkochepa zedi, eti? Pa khoma palibe angaone. Iye sanalole.

Njira yake nayi. Sikweya imodzi isiye yathunthu pakati. Ziwiri zinazo uzidule kuchokera pangodya ina kufika pangodya yopenyana nayo, upeze zidutswa zinayi za ngodya zitatu, uziyale mozungulira yapakatiyo. Ukalumikiza nsonga zakunja ndi mizere, tizidutswa totulukira kunja timalowa ndendende m'mipata yotsala. Zonse pamodzi zidutswa 9, basi.

Nkhani sinathere pamenepo. M'zaka za m'ma 1800, Henry Perigal wa ku England anachita zomwezi ndi zidutswa 6. Mu 2010 Christian Blanvillain ndi János Pach anapeza njira ina, ya zidutswa 6 zofanana kukula. Nanga ndi 5 zingatheke? Mpaka lero palibe watsimikiza. Ungathe kulemba pulogalamu, kompyuta nkuyesa madulidwe miyandamiyanda usiku wonse, koma ikabwera chimanjamanja sindiye kuti njirayo kulibe. Yangofufuza pomwe unaiuza. Ikapezanso chooneka ngati chakwana, uyenera kuwerengera monga anachitira iye ndi 17.1 ya amisiri ija.

Mu 997, atakalamba, anagwirizana ndi al-Biruni yemwe anali mnyamata wa msinkhu wathu ku Kath, kuti onse ayeze nthawi ya kadamsana wa mwezi, aliyense ali kwawo, kuti adziwe kuti mzinda wina uli kum'mawa kwa unzake motalika bwanji. Lero pa mwezi womwewo pali chigwa chotchedwa Abul Wafa.