Bambo Angelo Secchi, Wansembe Wopenda Dzuwa

Akuluakulu a ku Namitete ndi ku Nsaru akukumbukira kadamsana wa pa 21 June 2001, pamene dzuwa lidachepa masanasana nkutsala ngati chikwakwa. Anzathu a ku Lusaka adaona zoposa: mwezi udaphimba dzuwa lonse, ndipo m'mphepete mwake mudaoneka nkhata yoyera ndi timalawi tofiira. Kodi malawi otere mwini wake ndani, dzuwa kapena mwezi? Funso limeneli lidasautsa anthu ophunzira zaka zambiri, ndipo mmodzi mwa amene adalimasula adali wansembe.

Bambo Angelo Secchi adabadwira ku Reggio Emilia, m'dziko la Italy, m'chaka cha 1818. Adalowa chipani cha Ayezuiti ali ndi zaka 15, nadzozedwa unsembe mu 1847. Chaka chotsatira chipolowe chidabuka ku Roma, Ayezuiti napirikitsidwa. Wansembe watsopanoyo adathawira ku England, kenaka ku Georgetown m'dziko la America. Atabwerera kwao adapatsidwa udindo woyang'anira nyumba yopenyerera nyenyezi ya pa sukulu ya Collegio Romano.

Nyumbayo idali yosakhazikika, ndipo makina oonera zakutali safuna pogwedera. Tsono Bambo Secchi adaona kuti tchalitchi la Ignasio Woyera lili ndi nsanamira zinayi zikuluzikulu, zimene adazimanga kuti zisenze denga lobulungira lomwe silidamangidwe konse. Pamwamba pa nsanamirazo ndipo adaikapo makina awo. Pansi akhristu alikumva Misa, pamwamba wansembe alikujambula mawanga a dzuwa tsiku ndi tsiku.

Pa 18 July 1860 kudagwa kadamsana ku Spain. Bambo Secchi adakadikira ku Desierto de las Palmas ndi makina ojambulira zithunzi, ndipo Mngelezi wina, Warren De la Rue, adali ku Rivabellosa, mtunda wa makilomita ngati 400 kuchokera pamenepo. Atalinganiza zithunzi zawo, adapeza malawi omwewo uku ndi uko. Adaonanso kuti mwezi poyenda unkaphimba malawi a mbali ina nkuvundukula a mbali inzake, monga munthu wodutsa patsogolo pa moto. Akadakhala a mwezi, bwenzi akuyenda nawo limodzi. Motero kudadziwika kuti ngadzuwa, ndi kuti dzuwa lili ndi mlengalenga wakewake wa mpweya wotentha. Pano tiyamikire Bambo Secchi posakhulupirira maso awo okha: adalola kuti mboni yachiwiri iwatsimikizire kapena kuwatsutsa.

Adapendanso kuwala kwa nyenyezi pafupifupi 4,000, nazigawa m'magulu monga mwa mtundu wa kuwalako, ndipo dzuwa lathu adaliika m'gulu la nyenyezi zachikasu. Buku lawo lonena za dzuwa, Le Soleil, lidatuluka ku Paris mu 1870. Mu 1877 adafotokoza timalilime ta moto tosawerengeka timene timatumphuka pankhope ponse pa dzuwa, tooneka ngati udzu wa m'dambo ukamapsa m'mwezi wa October.

Mayeso aakulu adadza mu 1870, pamene asilikali a mfumu ya Italy adalanda Roma m'manja mwa Papa Pius IX. Boma latsopano lidafuna kudzikometsera ndi dzina la munthu wotchukayu, ndipo lidawalonjeza mpando m'nyumba ya malamulo. Bambo Secchi adakana. Mu 1873 sukulu ija idalandidwa, ansembe anzawo nachotsedwamo. Koma iwo adawasiya pa ntchito yawo, poti bomalo lidachita manyazi ndi akatswiri a maiko ena. Adamwalira pa 26 February 1878, patangopita masabata osakwana atatu chimwalirire Papayo.

Zambiri za nkhata yoyera ija zidadziwika iwo atapita kale. Nkhope ya dzuwa imatentha madigiri ngati 5,500, koma nkhatayo imapitirira miliyoni. Mu 1958 Eugene Parker adalongosola kuti mpweya wake umakhuthukira kunja kosalekeza, ndiyo mphepo ya dzuwa imene imafika ndi kuno kwathu, ndipo chombo cha Mariner 2 chidatsimikiza zimenezi mu 1962. Pamene bungwe la NASA lidaponya zombo ziwiri za STEREO mu 2006, kuti zipenye dzuwa kuchokera mbali ziwiri, makina ake ojambulira nkhata ndi mphepoyo adawatcha SECCHI.